Wailesi ya m'Poto ndi Nyali ya Dzuwa

Mukayenda usana m'tinjira ta ku Kanyama, ku Chawama kapena ku George, kwezani maso muyang'ane pa madenga. Pa nyumba zina mudzaona kagalasi kakuda katayanikidwa pa malata monga momwe amai ayanikira ndiwo za mfutso, ndipo kawaya kace kalowa m'nyumba podzera pa zenera. Kagalasiko ndiko sola. Mphamvu imene kakolola usana ndiyo iyatsa nyali usiku, niimbitsa wailesi, nidzazanso foni. Ana ambiri ayesa kuti nzeru yokhala ndi cipangizo ca magetsi m'nyumba yopanda nthambo za magetsi ndi ya dzulodzulo. Iai, inayamba kale, agogo a makolo anu akali anyamata, ndipo Lusaka ndiye mudzi umene unatsogolera.

M'caka ca 1941, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, boma la Northern Rhodesia, ndilo dzina lakale la Zambia, linaimika makina aang'ono oulutsira mau mu Lusaka. Linafuna kuti anthu amve za nkhondo, pakuti abale ao ambiri anali ku usilikari. Koma mau ouluka alibe phindu popanda cowalandirira. Mawailesi a masiku aja anali akuru, a mtengo wapatali, ndipo ambiri anafuna magetsi a m'nthambo, amene analipo ku mayadi a Azungu okha. Cotero anthu akuda anamvera pa wailesi imodzi yoikidwa ku boma kapena ku bwalo la mfumu. Wokhala kutsogolo anamva, wokhala kumbuyo anangofunsa mnzace kuti, "Ati ciani?"

Mkuru wa ofesi yofalitsa nkhani za boma, Mzungu wina dzina lace Harry Franklin, anaona kuti cofunika ndico wailesi yoti munthu wa malipiro ocepa agule yekha, naike m'nyumba mwace. Anafunafuna kwa zaka zitatu kampani yoti imkonzere, koma eni mafakitale anakaika kuti Aafrika adzagula. Pomariza kampani ya Ever Ready ya ku England inabvomera. Tisaiwale kuti nchito yeniyeni ya kampaniyo inali kugulitsa mabatire, cotero inadziwa kuti ali yense wogula wailesi kamodzi adzabwerabe kudzagula batire kawirikawiri. Wailesiyo inayamba kugulitsidwa m'caka ca 1949, ndipo anaicha Saucepan Special, ndiko kunena wailesi ya m'poto.

Dzinalo silinali la nthabwala cabe. Cikopa cace ca kunja cinali poto weniweni wa aluminiyamu, wozungulira, wa mainchesi 9 m'mimba mwace, wongocotsedwa cogwirira. Mapoto anali kupangidwa kale ambirimbiri m'mafakitale, cotero kuwagula kunachipa koposa kukonzetsa bokosi latsopano. Poto sacita dzimbiri, ciswe sicimudya monga cidyera matabwa, ndipo akagwa pansi angopindika pang'ono osasweka. Mabowo ace onse, ndi potulukira mau pomwe, anatsekapo ndi kasefa ka waya, kuti mphemvu ndi nyerere zisalowe kukamanga m'katimo. Anaipaka utoto wa buluu, ndipo akuti anasankha mtundu umenewu atafunsafunsa napeza kuti mitundu ya anthu kuno sinauyese wa malaulo. Batire lace linali lalikuru, lokhala kunja, ndipo wailesiyo inakhala pamwamba pace ngati pa mpando. Taonani kuti pa cinthu ciri conse okonzawo anayamba ayang'ana nyumba imene cipangizoco cidzakhalamo.

Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi batire mashilingi 25. Batire limodzi linaimba maora 300. Amene akonda masamu atenge coko: shilingi imodzi inali makobiri 12, cotero mashilingi 25 anali makobiri 300. Ndiko kuti ora limodzi la nyimbo ndi nkhani linadya kobiri limodzi. Banja lomvera maora atatu madzulo ali onse linataya tiki pa tsiku, ndipo batire linatha patapita masiku 100. Ici ndico cifukwa cace atate a nyumba sanalole mwana kukhudza wailesi, ndipo potuluka anaizima okha ndi dzanja lao. Mapaundi 5 sanali ndarama zocepa kwa munthu wa nchito ya manja, komabe m'miyezi itatu yoyamba mawailesi 1,500 anagulidwa, ndipo m'zaka zowerengeka zotsatira analowa 50,000.

Nyumba youlutsira mau ya ku Lusaka, yochedwa Central African Broadcasting Station, inalankhula kwa anthu a m'maiko atatu, ndiwo Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland. Inalankhula m'Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cishona, Cindebele ndi Cingerezi. Boma linafuna kuti anthu amve maphunziro a ukhondo ndi a ulimi, ndiponso, kuyambira 1953, mau oyamikira citaganya ca maiko atatuwo, cimene Aafrika ambiri anacikana. Anthu anasankha okha zomvera. Anakonda nyimbo za a Alick Nkhata, amene anali woimba ndi woulutsa mau yemwe, ndipo koposa zonse anakonda nthawi ya Zimene Mwatifunsa, pamene munthu analemba kalata kupempha nyimbo ndi kupereka moni kwa abale ace. Mnyamata wogwira nchito mu Lusaka anatha kulonjera amai ace ku Katete kapena ku Dedza, dzina lace nilimveka m'maiko atatu. Nyumba yokhala ndi wailesi ku Matero, kumene kunali kumangidwa nyumba zatsopano m'zaka zimenezo, sinasowe alendo madzulo.

M'kati mwa wailesi ya m'poto munali timababu tinai ta galasi tochedwa mavalavu, timene tinayenera kutentha tisanagwire nchito, ndipo ndito tinadya batire. M'caka ca 1947 akatswiri a ku America anapeza kanthu kakang'ono kochedwa transistor, kogwira nchito yomweyo popanda kutentha. Posacedwa panabwera mawailesi aang'ono oimba ndi mabatire a tochi, ena okonzedwa ku Livingstone ndi kampani ya Supersonic, ndipo poto uja anapuma. Lero wailesi yalowa m'foni. Mafoni ambiri sagwira wailesi mukapanda kulumikiza timawaya ta m'makutu, cifukwa timawayato ndito tikola mau a mumlengalenga, monga waya wautali unacitira pa mawailesi akale.

Magetsi a m'nthambo anafika m'makomboni pang'onopang'ono, ndipo tsopano nyumba zambiri za ku Mtendere, Kalingalinga ndi Matero ziri ndi mita yogulira mayuniti. Mwina mudzafunsa kuti, nanga sola ndi ya ciani? Yankho liri m'mitsinje. Mbali yaikuru ya magetsi a Zambia icokera ku madzi ogwa ndi mphamvu pa makina, makamaka ku Kafue Gorge ndi ku Kariba, kumene cipupa cochinga Zambezi cinatha kumangidwa mu 1959. Mvula ikacepa, madzi atsika, makina nacepa mphamvu. Zinatero mu 2015 ndi mu 2019, koma mu 2024 cirala cinakula kotero kuti m'madera ambiri a Lusaka magetsi anasowa maora oposa 20 pa tsiku. Wometa tsitsi anakhala manja lende, woocherera zitsulo ku Kalingalinga anadikira magetsi pakati pa usiku, ndi ana a sukulu anawerenga pa kandulo. Funso la masiku a wailesi ya m'poto linabweranso: kodi cipangizo ici cidzatenga kuti mphamvu yace?

Kagalasi ka sola kali ndi timapale topyapyala ta silikoni, cinthu coyengedwa kucokera ku mcenga. Kuunika kukagwa pa timapaleto, mphamvu ya magetsi iyamba kuyenda m'kawaya, nikasungidwa m'batire kufikira usiku. Dziwani kuti cimene sola ifuna ndico kuwala, osati kutentha. Ikatentha kwambiri mphamvu yace icepa pang'ono. Sola yoyamba ya silikoni yogwira bwino nchito inaonetsedwa ku America mu 1954, koma zaka zambiri inali ya mtengo wosafikirika.

Sola yokha sikadathandiza osauka pakadapanda babu latsopano lochedwa LED. Babu lakale linali ndi kawaya kofiira ndi moto m'kati mwace, ndipo pa magawo khumi a mphamvu imene linadya, asanu ndi anai anangosanduka kutentha. LED iwala popanda kawaya koyaka. Kwa nthawi yaitali inalipo yofiira ndi yobiriwira, koma ya buluu yowala bwino panalibe, kufikira akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anapeza ya buluu kuciyambi kwa zaka za m'ma 1990. Kucokera ku ya buluuyo kunatheka kukonza kuunika koyera, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Ndico cifukwa cace kabatire kakang'ono katha kuunikira cipinda madzulo onse. Koloboyi ya parafini idetsa mphuno ndi mwaye, ndipo kandulo yoiwalika pafupi ndi nsaru yatentha nyumba zambiri ndi ana omwe. Nyali ya sola, ngakhale mwana agone nayo pa mphasa, sibutsa moto wotere.

Kusunga sola ndi nchito yoyenera inu. Dziko lathu liri kumwera kwa mzere wa pakati pa dziko lapansi, cotero miyezi yambiri, makamaka m'June ndi July, dzuwa lipendekera kumpoto. Kagalasi kayang'ane kumpoto, kopendeka pang'ono kuti madzi a mvula atsetsereke. M'August ndi September mphepo ya Lusaka inyamula pfumbi lambiri. Pukutani galasilo ndi kansaru konyowa m'mamawa, lisanatenthe. Mthunzi wa nthambi imodzi, ngakhale wa cobvala copacikidwa pa cingwe, ucepetsa mphamvu koposa momwe mungaganizire. Galasi likhale pa dzuwa, koma batire likhale pa mthunzi, pakuti kutentha kulikalambitsa msanga. M'masitolo a ku Kamwala ndi pa msika wa Soweto mupezeka nyali zabwino ndi zacabe zomwe, zofanana maonekedwe. Ine ndiyesa kuti nyali yocepa zokometsera, imene wogulitsa abvomera kuilandiranso ikafa msanga, iposa ija ya timagetsi tamitundumitundu tothwanima.

Batire likatha nchito musalitaye m'ngalande kapena m'cimbudzi, ndipo musalibule. Mabatire akuru ali ndi asidi ndi mtobvu, umene uononga ubongo wa ana, ndipo aang'ono a m'foni atha kuyaka akaboolewa. Ku Kanyama pansi pali miyala ya laimu ya ming'alu yambiri, madzi ali pafupi, cotero coipa cotayidwa pamwamba sicicedwa kufika m'zitsime. Lipatseni kwa akuru alipereke kwa ogula mabatire akale.

Pali nchito imodzi imene sola yaing'ono siingathe, ndiyo kuphika. Mphamvu ya magetsi iyesedwa ndi mawati. Nyali ya LED ya m'cipinda ifuna mawati atatu kapena asanu, foni ifuna ofanana nao, koma mbale imodzi ya citofu ca magetsi ifuna mawati 1,000 kapena kuposa. Mphamvu yophikira nsima kwa ora limodzi ikadaunikira cipinda maora oposa 200. Cifukwa cace m'nyumba yomwe muli nyali ya dzuwa, foni ndi wailesi, amai akolezabe mbaula pakhomo, ndipo matumba a makala alowabe mu Lusaka pa njinga ndi pa malole m'mamawa muli monse.