Khutu la Wachigayo

Wachigayo wodziwa ntchito yake amagaya ndi khutu. Ife tonse amene tili pamzere timangomva chiphokoso chimodzi chogonthetsa m'kutu, koma iye m'phokoso lomwelo amamva zinthu zambiri: lamba akayamba kukhwefuka, bering'i ikauma girisi, injini ikamalemedwa chifukwa chimanga chalowa chambiri nthawi imodzi. Kamwala kapena kamsomali kakatsetsereka limodzi ndi chimanga, kulira kwa makina kumasintha pang'ono chabe, ndipo iye amakhala atatseka kale polowera chimanga inu musanadziwe kuti chachitika n'chiyani. Akachedwa, sefa yabooka, ufa watuluka ndi misere, mayi mwini chimanga wakwiya, ndipo mtengo wa sefa yatsopano udzachoka pa malipiro ake.

Tengani chitsanzo cha Tamanda, imene ili kumpoto chakum'mawa kwa Chipata, kufupi ndi malire a Malawi. Inayamba ngati mishoni ya a Livingstonia, amene anaipereka kwa a Dutch m'zaka za m'ma 1920, ndipo lero mpingo wake ndi Reformed Church in Zambia. Pa malo otere tchalitchi chimadzaza Lamulungu, sukulu imatseka patchuthi, kuchipatala timapita tikadwala. Kuchigayo ndiye kulibe banja lothawako. Amayi amafika ndi matumba pamutu kapena panjinga, n'kuwandandalika pamzere, iwo n'kukakhala pamthunzi. Thumba ndilo limasunga malo. Apo ndi pomwe munthu amamva za maliro a kumudzi wina, tsiku la sikelo ya ana, ngati feteleza wa boma wa FISP wafika, ndi mtengo umene bungwe la boma la FRA likugulira chimanga chaka chino. Wogulitsa zitumbuwa ndi wokonza njinga amadziwa bwino chifukwa chake amakhazikika pafupi.

Zigayo zing'onozing'onozi zinachuluka chifukwa cha mavuto a ufa. Mtengo wake utakwera, kunabuka zipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990. Boma litasiya kulamulira malonda a chimanga pambuyo pa 1991, anthu anaona kuti kugayitsa chimanga chawo kumatsika mtengo kuposa kugula ufa wa m'mapepala, ndipo aliyense wopeza kangachepe anayamba kuganiza zogula chigayo. Mtondo ndi munsi zinapumako, ndi misana ya amayi yomwe.

Muone wachigayo akatsegula chivundikiro m'mawa asanalize injini. Mkatimo muli nyundo, tizitsulo taphanthiphanthi tolendewera pa mipini, tozungulira mwaliwiro n'kumaphwanya chimanga mpaka chidutse m'timabowo ta sefa. Nyundo iliyonse ili ndi ngodya zinayi. Ngodya imodzi ikaperepeseka, amaitembenuza kuti ina igwire ntchito, ndipo amatembenuza zonse pamodzi, chifukwa mbali ina ikalemera kuposa inzake chigayo chimanjenjemera mpaka kuthyola mabawuti. Zinayi zonse zikatha ndi pomwe amauza abwana kuti pakufunika zatsopano. Sefa nazo ali nazo zosiyana: ya timabowo tating'ono ya ufa woyera, ina yokulirapo ya chakudya cha nkhuku ndi nkhumba. Ufa ukayamba kutuluka amautapa pang'ono n'kuutikita ndi zala ziwiri, ndipo zalazo zimamuuza ngati wasalala kapena ayi.

Palinso ndondomeko ya kagayidwe imene ambiri sitiiganizira. Mgaiwa umalowa chonchi. Mphale yoviika imafuna kuti iume bwino, apo ayi imamata sefa. Soya ndi chimera cha thobwa amazisiya kumapeto, kuti fungo lake lisalowe mu ufa wa munthu wina. Pa zonsezi amakangana ndi makasitomala tsiku lililonse. "Amayi, mphale yanuyi ikadali ndi chinyezi, kaiyanikeni kaye." Mayiyo wayenda mtunda wautali, kunyumba ana akudikira nsima, ndiye yankho limakhala loti, "Achimwene, ingogayani, yauma imeneyi." Akamvera chisoni n'kugaya, atha theka la ola akukolopola sefa mzere wonse ukumunena.

Luso limeneli lilibe sukulu. Mnyamata amayamba ndi kusesa ndi kugwirizira thumba kukamwa kwa chigayo. Kenako amaphunzira kupukusa handulo yolizira injini, n'kuchenjezedwa kuti ikabwerera mwadzidzidzi imathyola dzanja. Pomafika poti amusiyire chigayo yekha, papita miyezi yambiri.

Koma mukacheza nawo achigayo, nkhani ya luso satalikira nayo. Amathamangira ku dizilo. Boma linachotsa sabuside ya mafuta mu December 2021, ndipo mu 2022 a Energy Regulation Board anayamba kuunika mitengo mwezi ndi mwezi. Mtengo wogayira tini kapena meda sungasinthe mwezi ndi mwezi. Mukaukweza, amayi amanyamula matumba awo kupita ku chigayo china, kapena amakukalipirani ngati ndinu mwakweza mafutawo. Ambiri mwa anyamata oima pamakinawa chigayocho si chawo. Mwini wake ndi mlimi wa fodya, mphunzitsi wopuma pantchito kapena wamalonda wa ku Chipata, amene amabwera kudzayerekeza malita a dizilo ndi ndalama zimene zili m'kachitini. Zikasiyana, wakuba amadziwika kale. Chonsecho pakati pa malita ndi ndalamazo pali agogo amene anati, "Mwanawe, ndigayire, ndidzakupatsa ndikagulitsa mtedza," pali a kumaliro amene simungawabweze, pali wina amene walipira ndi gaga m'malo mwa ndalama. Wachigayo amakhala m'mudzi momwemo. Sangakanize ufa wa pamaliro lero n'kuyembekeza kuti anthu adzamukumbire manda a mbale wake mawa. Ngongole zimenezi ndi mtima wa mudzi wonse, koma amazisenza munthu mmodzi, amene malipiro ake ndi ochepetsetsa pa onse.

Chaka cha 2024 chinawapweteka kawiri. Pa 29 February, President Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chafika pa tsoka la dziko. Nkhokwe zinali mbee, ndipo amene ankabwera ndi thumba anayamba kubwera ndi meda imodzi, yosakwana n'kulizira injini. Madzi atachepa ku damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi mpaka maola 21 pa tsiku, moti a zigayo za magetsi m'makomboni a Chipata ankagona pamatumba kudikira kuti akayaka pakati pa usiku agaye. Zigayo za mphamvu ya dzuwa zimene boma la Edgar Lungu linayamba kuika kudzera ku Zambia Cooperative Federation cha m'ma 2015 zinathandiza kwina, koma zimagaya pang'onopang'ono, kukachita mitambo zimafooka, ndipo zina zinaima kalekale posowa wozikonza. Mu August 2024, unduna wa zaumoyo unapeza poizoni wa chuku mu ufa wina wogulitsidwa, agalu pafupifupi 400 atafa. Kumudzi, munthu woyamba kuona chimanga chachuku ndi kuchinunkhiza ndi wachigayo. Akanaphunzitsidwa pang'ono chabe za kuopsa kwake, akanateteza mabanja ambiri.

Chimene chimandivutitsa mtima kwambiri ndi thupi lake. Madzulo amatuluka nsidze ndi tsitsi zili mbuu, m'mphuno modzaza ufa, kachifuwa kosatha kali pakhosi. Chodzitetezera chake ndi kansalu komanga kukamwa, mwinanso thonje m'makutu. Akatswiri a zaumoyo pantchito amati phokoso lopitirira madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu patsiku limawononga makutu, ndipo pafupi ndi chigayo munthu sangamvane ndi mnzake popanda kukuwa. Achigayo akale mumawazindikira msanga: amalankhula mokweza ngakhale m'nyumba, ndipo amapendeketsa mutu mukamawayankhula. Makutu akafa sabwerera. Munthuyo amachoka pantchito wopanda penshoni, wopanda kalata, m'malo mwake n'kulowa mnyamata wina.

Makhonsolo amatolera ndalama ya laisensi pa zigayo chaka ndi chaka. Wodzatolerayo azionanso ngati lamba ali ndi chotchinga, ngati nyumbayo ili ndi mawindo otulutsa fumbi, ndiponso ngati wantchito wapatsidwa zotseka m'makutu ndi chophimba kumphuno. Inu eni zigayo, zotseka m'makutu ndi chophimba kumphuno mtengo wake sufika ngakhale pa chigubu chimodzi cha dizilo. Mugulireni mwezi uno, ndipo ngongole za pamaliro muzizilemba pa dzina lanu, osati pa malipiro a mnyamatayo.