Mabuku a Maulendo Ogulidwa pa Kaunjika: Nkhani Zoona Kapena Zokometsera?

Pakati pa mabuku akale amene amayalidwa m'mphepete mwa misewu ya m'mizinda ikuluikulu, pambali pa mabuku a sukulu ndi a zachikondi, pamapezeka nthawi zina mabuku ofotokoza maulendo a kumaiko akutali. Ambiri amakhala otuwa, ena olembedwa dzina la mwini wake woyamba. Mtengo wake ndi wotsika, koma wogula ayenera kudziwa mtundu wa zolemba zimene akugulazo.

Limodzi mwa mabuku otchuka a mtunduwu ndi kope lachikhumi la magazini ya ku Britain yotchedwa Granta, lomwe linatuluka mu 1983 pansi pa mkonzi Bill Buford. Linasonkhanitsa nkhani za alembi monga Bruce Chatwin, Paul Theroux, Martha Gellhorn, Colin Thubron ndi Redmond O'Hanlon, ndipo ambiri amati ndilo linadzutsanso chidwi cha awerengi a Chingerezi pa zolemba za maulendo. Nkhani zotere si malangizo a mahotela ndi mitengo ya mabasi. Mlembi amadziika yekha pakati pa nkhani, amasankha zoti anene, ndipo amaluka makambirano ngati wolemba nthano.

Vuto lili pomwepo. Chatwin analemba In Patagonia mu 1977, buku lokoma kwambiri lonena za kummwera kwa Argentina ndi Chile, koma ena mwa anthu amene anamulandira m'nyumba zawo anadandaula kuti anapotoza mawu ndi mbiri zawo. Ryszard Kapuściński, mtolankhani wa ku Poland amene anamwalira mu 2007, anatchuka ndi The Emperor, lonena za kugwa kwa Haile Selassie wa ku Ethiopia mu 1974. Akatswiri a mbiri ya dzikolo anakayikira zina mwa zimene analemba, ndipo mu 2010 Artur Domosławski, m'buku lofotokoza moyo wa Kapuściński, anasonyeza kuti mlembiyu sankasiyanitsa kwenikweni zimene anaona ndi zimene anaganizira.

Woŵerenga wa ku Lusaka, Tete kapena Lilongwe sangapite ku Patagonia kukatsimikiza. Komabe ali ndi mwayi umodzi: kwa alembi ameneŵa, dziko lakutali nthawi zina limakhala kwathu konkuno. Mu 1949 Laurens van der Post anatumidwa kukayendera phiri la Mulanje ndi chitunda cha Nyika, ndipo anafotokoza ulendowo m'buku la Venture to the Interior. Phiri limene iye analijambula ngati malo obisika ndi oopsa linali kale ndi njira, nyumba za ogwira ntchito za nkhalango, ndi amuna ocheka mkungudza. Imfa ya mkulu wa zankhalango amene anakokoloka ndi madzi paulendowo inachitikadi. Koma mu 2001 J.D.F. Jones anaulula kuti van der Post ankakometsera kwambiri nkhani za moyo wake.

Choncho ndi bwino kuyamba ndi mutu wonena za malo amene mukuwadziŵa. Onani ngati maina a anthu ndi a midzi alembedwa molondola, ndiponso ngati eni dera akulankhula okha kapena akungooneka ngati onyamula katundu. Omasulira, amene mlembi sakanamva kanthu popanda iwo, kaŵirikaŵiri satchulidwa n'komwe. Onaninso chaka chimene bukulo linasindikizidwa, pakuti Soviet Union imene Thubron anaiyendera pagalimoto isanagwe inatha mu 1991, ndipo ena mwa maina a mizinda amene anaidutsa anasinthidwa kale.