Galimoto Ikamagunda Kunsi Musanyalanyaze

Owerenga athu a ku Kasina ndi midzi yozungulira akudziwa bwino ntchito imene magalimoto a bokosibode amagwira. Ndiwo amene amanyamula kachewere, nyemba ndi tomato kupita nazo ku Linthipe, ku Chimbiya ngakhale ku Lilongwe, ndipo ndiwonso amatenga odwala kumidzi kumene minibasi sizifika. Koma misewu yathu ya m'mapiri njokumbika, katundu ngwolemera, motero magalimoto ambiri amamveka "gu!" kunsi kwake. Eni ake ena amati, "Ndi mmene imalirira." Kumeneko ndi kudzinyenga. Phokoso limeneli ndi chenjezo.

Choyamba tidziwe mmene mphamvu imafikira ku mawilo. Injini imazunguza magiya, magiya amazunguza chitsulo chachitali chogona pansi pa galimoto chimene amakaniko amati propushafiti, ndipo chitsulochi chimazunguza difu, ndiye chibulunga chija chili pakati pa mawilo a kumbuyo. Kunsonga za propushafiti kuli timfundo tachitsulo tooneka ngati mtanda. Ntchito yake ndi yonga ya bondo la munthu: kulola chitsulo kupindika pamene galimoto ilumpha pa mabampu. M'kati mwa timitanda timeneti muli tizitsulo tating'ono ngati singano, tofuna girizi nthawi zonse. Fumbi la m'chilimwe ndi matope a m'dzinja zikalowamo, girizi amatha, tizitsulo tija timadyeka, mfundoyo nkuyamba kugwedera.

Chachiwiri, mverani nthawi imene phokoso limabwera, pakuti limanena lokha kumene kuli vuto.

Likamveka kamodzi ponyamuka, posintha giya, kapena pochotsa phazi pa moto, kawirikawiri ndi timitanda tija. Nthawi zina ndi mano a m'difu amene atalikirana, kapena mphira zogwira injini ndi bokosi la magiya zang'ambika.

Likamveka pa mabampu pokha, yang'anani masipuling'i, mphira za kunsonga kwake, mashoko, ndi mabawuti opindika omanga masipuling'i ku ekisilo.

Likamati "kho-kho-kho" pokhota, pa galimoto yokoka ndi mawilo onse anayi, ndiye mfundo za ku mawilo a kutsogolo. Onani ngati mphira yozivundikira yang'ambika.

Galimoto ikamanjenjemera kapena kulira ngati njuchi pamene liwiro likula, ganizirani za beringi yogwira propushafiti pakati, kapena maberingi a m'difu ndi a m'mawilo.

Chachitatu, yesani nokha musanataye ndalama. Imikani galimoto pa malo osatsetsereka, zimitsani injini, kokani buleki ya m'manja, ndipo mupinge mawilo ndi miyala kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chotsani giya. Tsono gwirani propushafiti ndi manja awiri pafupi ndi mfundo, muipotoze uku ndi uku, muigwedezenso m'mwamba ndi pansi. Mfundo yabwino siseweza konse. Ikagwedera, kapena mukaona fumbi lofiira la dzimbiri potulukira girizi, yatha imeneyo. Kuthira girizi sikungaichize, ifunika yatsopano. Musalowe pansi pa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, chifukwa jeke imaterereka.

Yang'ananinso oyilo wa m'difu. Masulani bawuti ya m'mbali yothirira, mupisemo chala. Oyilo ayenera kufika pakamwa pa bowo. Akaoneka wotuwa ngati mkaka, ndiye kuti mwalowa madzi powoloka mitsinje, ndipo akhuthulidwe msanga. M'difu mumathiridwa oyilo wa magiya, monga wolembedwa 80W-90 kapena amene buku la galimotoyo linena, osati wa injini ayi.

Kusintha kamtanda ndi ntchito ya makaniko wodziwa. Muuzeni kuti alembe zizindikiro pa zitsulo asanamasule, kuti abwezere monga zinaliri. Akalakwitsa, galimoto idzanjenjemera. Za m'kati mwa difu musalole munthu woyesa chabe kuzigwira, pakuti mano ake amatcheredwa ndi zipangizo zoyezera.

Nanga mukachedwa chichitika nchiyani? Kamtanda ndi chitsulo chotsika mtengo, koma kakathyoka galimoto ili pa liwiro, propushafiti imagwa. Ikagwa nsonga ya kutsogolo imabaya pansi, ndipo galimoto ikhoza kugubuduzika. Imathanso kumenya mapaipi a buleki kapena thanki ya mafuta. Taganizani zimenezi zitachitika potsetsereka, kumbuyo kutadzaza amayi ndi ana.

Pomaliza, chepetsani katundu. Mabokosibode ambiri, monga Toyota Hilux, anapangidwa kuti azinyamula pafupifupi makilogalamu 1,000, ndiwo matumba 20 a makilogalamu 50, kuwerengera pamodzi ndi anthu okwera. Zopitirira apo zimaononga masipuling'i ndi difu. Thirani girizi m'timfundo tokhala ndi pothirira nthawi iliyonse musintha oyilo wa injini, makamaka m'nyengo ya mvula, ndipo nyamukani mofatsa osaponya kilatchi.

Aphunzitsi ndi inu nonse odziwa kuwerenga, awerengereni madalaivala a m'mudzi mwanu nkhaniyi. Nanunso okwera, mukamva kugunda pansi pa mpando, funsani mwaulemu ngati mwini wake akudziwa. Akulu anati safunsa anadya phula.