Masitepe a Pansi pa Galamu

Mayi woyembekezera akapita kusikelo amapatsidwa mapiritsi owonjezera magazi. Pabotolo pake pamakhala manambala awiri oyandikana: ayironi 60 mg, folic acid 400 mcg. Wowerenga mothamanga angati folic acid ndi amene wachuluka, pakuti 400 imaposa 60. Koma nkhani yagona pa tizilembo totsatira manambalawo. Mamayikulogalamu 400 ndi mamiligalamu 0.4 okha, ndiye kuti m'piritsimo ayironi amaposa mnzakeyo kuwirikiza ka 150.

Miyeso imeneyi imatsika ngati masitepe, ndipo sitepe iliyonse ndi ya 1,000. Mukagawa galamu imodzi m'magawo 1,000, gawo limodzi ndi miligalamu. Mukagawanso miligalamuyo ka 1,000 mupeza mayikulogalamu. Pansi pake pali nanogalamu, kenako pikogalamu. Mayina onsewa analowa m'ndondomeko ya miyeso ya dziko lonse yotchedwa SI, imene mayiko anagwirizana mu 1960. Pikogalamu ndi yochepa zedi, moti DNA yonse ya m'selo imodzi ya munthu imalemera pafupifupi mapikogalamu 6.

Posintha muyeso, dzifunseni kaye ngati mukutsika kapena mukukwera. Mukamatsika nambala imakula, monga momwe nyemba za m'thumba zimachulukira mukaziyeza ndi mbale m'malo mwa ndowa. Choncho chulukitsani ndi 1,000, kapena sunthani kadontho malo atatu kumanja: 0.25 mg isanduka 250 mcg. Mukamakwera, gawani, kadontho kabwerere malo atatu kumanzere. Mukalumpha masitepe awiri, malo ake ndi 6. Ine ndimalimbikitsa ophunzira kulemba maziro onse papepala, osawerengera pamtima, chifukwa ziro mmodzi akasowa, yankho lalakwika kuwirikiza ka 10 koma maonekedwe ake amakhala abwinobwino.

Chizindikiro chenicheni cha mayikulogalamu ndi μg, ndipo chilembo choyambacho n'cha Chigiriki. Chikalembedwa pamanja mofulumira chimaoneka ngati m, basi μg yasanduka mg. Pa mankhwala a mtima otchedwa digoxin, amene piritsi lake limakhala la 125 mcg kapena 250 mcg, kusokonezeka kotere kungaphe munthu. N'chifukwa chake zipatala zambiri zimalemba mcg, kapena kulemba mawu onse osadula.

Mlimi wa mtedza nayenso miyesoyi imamukhudza, ngakhale sikelo yake imadziwa makilogalamu okha. Mtedza ukasungidwa usanaume bwino umachita chuku, ndipo chuku cha mtundu wa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa. Akatswiri anamutulukira nkhukundembo pafupifupi 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Lero mayiko a European Union salola mtedza wodyedwa ndi anthu kukhala ndi aflatoxin woposa 4 mcg pa kilogalamu imodzi.

Tiyeni tiione bwino nambala imeneyi. Kilogalamu imodzi ili ndi mamayikulogalamu 1 biliyoni, ndiye malirewo ndi magawo anayi pa biliyoni. Pa thumba la makilogalamu 50, tichulukitsa 4 ndi 50, tipeza 200 mcg. Tikakwera sitepe imodzi, ndi 0.2 mg. Tengani mankhwala a m'piritsi limodzi la Panado, omwe ndi 500 mg, muwagawe pa 2,500. Kagawo kamodzi ndiko mlingo wonse wa poizoni umene thumba lathunthu lingaloledwe kukhala nawo. Poizoniyu akakhala mu mtedza, diso silingamuone, lilime silingamumve, ndipo kukazinga mtedza sikumuthetsa. Zimandipweteka mtima kuona mtedza wonyala ndi wachuku ukusankhidwa n'kusinjidwa kukhala nsinjiro za ana pakhomo, wabwino utapita kumsika.

Zotsatira za kulabotale nthawi zina zimabwera zitalembedwa ng/g m'malo mwa mcg/kg, ndipo wogula kapena mlangizi wosazolowera amayamba kusuntha kadontho. Apa kadontho kasiyeni pomwe kali. Nanogalamu ndi yochepa ka 1,000 kuyerekeza ndi mayikulogalamu, galamu nayonso ndi yochepa ka 1,000 kuyerekeza ndi kilogalamu, choncho ziwirizo zimafafanizana. Pepala likanena 12 ng/g, mtedzawo uli ndi 12 mcg/kg, kuwirikiza katatu malire a ku Ulaya.