Dahlia Ravikovitch, Mlakatuli Amene Anadziimba Mlandu Woonerera

Anzanga, Lachitatu lapitali ku kalabu ya olemba aphunzitsi athu a Chingerezi anatibweretsera mapepala awiri a ndakatulo. Anati zinalembedwa m'Chiheberi, kenaka zinamasuliridwa m'Chingerezi. Mnyamata wina wa Fomu 3 anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Sala, Chiheberi si chija chinatha ndi Mose?" Tinaseka tonse, koma kunena zoona nanenso ndinkaganiza choncho. Ndakatulo imodzi mwa ziwirizo yandisowetsa tulo, ndiye ndinapempha aphunzitsiwo kuti andithandize kufufuza za amene anailemba. Dzina lake ndi Dahlia Ravikovitch. Pano ndizingomutchula kuti Dahlia, chifukwa dzina linalo limandilumitsa lilime.

Tiyambe ndi funso la mnzathu uja. Chiheberi ndi chiyankhulo chimene chinalembedwera mbali yaikulu ya Chipangano Chakale. Kwa zaka mazana ambiri Ayuda ankachigwiritsa ntchito popemphera, pophunzira ndi polemba, koma pakhomo ankayankhula zilankhulo zina. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, anthu monga Eliezer Ben-Yehuda analimbikira kuti chibwerere pakamwa pa ana ndi pamsika. Zinathekadi. Lero ku Israel munthu amagula buledi, amakwera basi, amakangana ndi mkazi wake m'Chiheberi. Koma kumbukirani kuti nthawi yonse imene chiyankhulochi chinali cha m'mabuku, ophunzitsidwa kuchiwerenga mozama anali makamaka anyamata. Mkazi wofuna kulakatula m'Chiheberi ankalowa m'nyumba imene mipando yake anaiyala kale amuna. Analipo amayi amene anatsogola, monga Rachel Bluwstein ndi Leah Goldberg, ndipo Dahlia anabwera pambuyo pawo.

Pali chinthu china chimene chinandidabwitsa. M'Chichewa ndikati "ndikulemba", simungadziwe ngati wolankhulayo ndi mtsikana kapena mnyamata. Ngakhale mawu akuti "iye" sasankha. M'Chiheberi sizili choncho. Mwamuna amati ani kotev, mkazi amati ani kotevet. Mneni yemweyo amakuulula. Ndiye mkazi akamalemba za zimene akuchita kapena kumva, chiyankhulo chimamukakamiza kuonekera kuti ndi mkazi, afune asafune. Dahlia sanabisale. Anaima pomwepo n'kuyankhula.

Anabadwa pa 17 Novembala 1936 ku Ramat Gan, pafupi ndi Tel Aviv. Nthawi imeneyo dziko la Israel linali lisanakhazikitsidwe, deralo linkalamulidwa ndi Britain. Bambo ake anali injiniya, mayi ake mphunzitsi. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, bambo ake anagundidwa ndi galimoto imene dalaivala wake anali ataledzera, ndipo anamwalira. Mayi ake anatenga ana n'kusamukira ku kibbutz yotchedwa Geva. Kibbutz ndi mudzi umene anthu amalima pamodzi, kudya pamodzi, ndipo chuma n'cha onse. Masiku amenewo ana sankagona ndi makolo awo, ankagona m'nyumba yawoyawo ya ana. Kwa ena unali moyo wabwino. Kwa mwana wamasiye wokonda kukhala phee ndi buku, unali wowawa. Atafika zaka 13 anachokako n'kukakhala ku Haifa, kumene ankaleredwa m'makomo a eni, kuchoka pakhomo lina kupita pakhomo lina. Pano pasukulu tilipo angapo amene tikukhala kwa achibale kapena kuchita lendi kuti tiyandikire sukulu, ndiye sindikufunika kufotokoza mmene nsima ya pakhomo pa eni imatsikira kummero.

Anaphunzira ku Hebrew University ku Jerusalem. Ndakatulo zake zoyamba anazisindikiza m'magazini yake mlakatuli wotchuka Avraham Shlonsky, ndipo mu 1959, ali ndi zaka za m'ma 20, anatulutsa buku lake loyamba, Ahavat Tapuach HaZahav, kutanthauza chikondi cha lalanje. Anyamata a m'badwo wake monga Yehuda Amichai ndi Natan Zach anali atayamba kulemba m'chiyankhulo cha tsiku ndi tsiku. Iye anayamba ndi Chiheberi chakuya cha m'Baibulo, chokongola ngati nsalu ya paukwati, koma m'kati mwake atakulungamo zinthu zobaya. M'bukumo muli ndakatulo ya bambo ake ndi msewu umene anafera. Mulinso ndakatulo yoyamba imene tinawerenga ku kalabu, ya chidole.

Wolankhula m'ndakatuloyo ndi chidole chokhala ndi makina m'kati, chija amachipukusa kuti chiyende. Chikuvina, chikutembenukira uku ndi uku, kenaka chikugwa n'kusweka. Anthu aluso akuchikonza. Chikukhalanso bwino, chomvera, chaulemu, koma aliyense akudziwa kuti n'chokonzedwa, ndipo pagule palibenso wochiyang'ana. Mulibe mawu otukwana munthu, mulibe kulira mokweza. Chidolecho chikungofotokoza tsitsi lake ndi diresi lake. Apa ndi pamene mkangano unabuka. Anyamata ena ankati iyi ndi nkhani ya chidole basi, atsikanafe tikungofuna kupezerapo chonena. Koma mnzanga wina anafunsa funso limene linawatseka pakamwa: amene anachipukusa ndani, ndipo amene anagamula kuti chachira ndani? Chidolecho sichinafunsidwe ngakhale kamodzi.

N'chifukwa chake akatswiri a zolembalemba amamuwerenga Dahlia ngati mmodzi mwa alakatuli oyankhulira amayi. Ine ndisanawerenge ndinkayembekeza munthu wokuwa ndi chikwangwani m'manja. Ayi ndithu. Njira yake inali yoima m'malo mwa munthu amene ena amamupangira zochita, mwana wamasiye, mtsikana, mkazi wosiyidwa, n'kunena zimene zikumuchitikira ndi mawu ofatsa mpaka wowerenga achite manyazi yekha.

Mabuku ena anatsatira mu 1964 ndi mu 1969, ndipo m'kupita kwa zaka chiyankhulo chake chinkavula zokongoletsa n'kuyandikira malankhulidwe a mumsewu. Komabe Baibulo sanalisiye. Mayina a mabuku ake awiri a m'zaka za m'ma 1970 anawatenga mu Salimo 42, pamene akunena za madzi akuya ndi mafunde. Amene muli ndi Baibulo m'chikwama tsegulani muone nokha. Kuti adye, ankaphunzitsa ku sekondale, ankalemba m'nyuzipepala, analemba mabuku a ana, ndiponso anamasulira m'Chiheberi ndakatulo za W. B. Yeats ndi T. S. Eliot, ngakhalenso nkhani ya ana ya Mary Poppins.

Moyo wake wa kunyumba sunali wofewa. Maukwati ake anatha. Ankadwala matenda a nkhawa yaikulu, aja amamugwetsa munthu pansi osatha kudzuka ngakhale thupi lili bwino. Anabereka mwana mmodzi wamwamuna mu 1978, ndipo mu 1989 khoti linagamula kuti mwanayo azikhala ndi bambo ake. Ndikutchula zimenezi osati ngati miseche, koma chifukwa zinalowa m'zolemba zake. Buku lake la 1992 analitcha Ima im Yeled, kutanthauza mayi ndi mwana.

Tsopano ndifike pa ndakatulo imene yandisowetsa tulo. Mu 1982 asilikali a Israel analowa m'dziko la Lebanon. Mu Seputembala chaka chimenecho, gulu lankhondo la Akhristu a ku Lebanon linapha anthu ambirimbiri, makamaka othawa kwawo a ku Palestine, ku Sabra ndi Shatila mumzinda wa Beirut, pamene asilikali a Israel anali atazungulira malowo. Ku Tel Aviv chinamtindi cha anthu chinachita zionetsero, boma linakhazikitsa komiti yofufuza, ndipo Ariel Sharon anasiya unduna wa zachitetezo. Nkhondo imeneyi inamusintha Dahlia. Anayamba kulemba poyera za amayi ndi makanda a mbali inayo, anthu amene dziko lake linkawaona ngati adani, ndipo anagwirizana ndi magulu ofuna mtendere. Si onse kwawo amene anakondwa nazo.

Ndakatulo yake yotchuka ya nyengo imeneyo m'Chingerezi amaitcha Hovering at a Low Altitude, ndiye kuti kuuluka chapansipansi. Muli kamtsikana koweta mbuzi kumapiri. Kadzuka m'mamawa, kali kokha. Dzuwa likukwera, ndipo munthu wina wamwamuna akukwera phiri kulunjika kumene kali. Wowerenga akudziwa kuti cholinga chake n'choipa. Kamtsikanako kalibe kothawira, kalibe womva kukuwa kwake. Nanga wolankhula m'ndakatuloyo ali kuti? Ali m'mwamba pang'ono, akulendewera pamphepo ngati kabawi, akuona zonse. Ndipo mobwerezabwereza akudzitsimikizira kuti iye kulibe pamalopo, maganizo ake ali kwina, sizikumukhudza.

Apa mukumbukire za mneni wa Chiheberi uja. Woonerera ameneyu ndi mkazi. Dahlia akanatha kulemba kuti amuna ndi oipa, ife amayi ndife ozunzika, n'kuthera pomwepo, ndipo tikanamuombera m'manja. Koma iye anadziika yekha pamalo a munthu woona n'kungokhala chete. Amene analemba za chidole chosweka mu 1959 ndi yemweyo amene tsopano akunena kuti, nanenso nditha kuyang'ana kumbali wina akamasweka. Kwa ine apa ndi pamene pali ukulu wake. Anthu ena amati kamtsikanako kakuimira anthu a ku Palestine kapena a ku Lebanon, ena amati kakuimira mtsikana aliyense. Ndakatuloyo sitchula dziko, ndipo ndikuganiza kuti anachita dala.

Ndiulule chimene chandisowetsa tulo. Teremu yatha, tikuweruka, ndinaona bambo wina wamkulu atagwira dzanja la mtsikana wamng'ono wa yunifolomu pafupi ndi magolosale. Mtsikanayo ankayesa kukoka dzanja lake, akuseka kuseka kuja kwa mantha. Maso athu anakumana. Ine ndinayang'ana pansi, ndinafulumiza miyendo, mumtima ndikuti mwina ndi malume ake, mwina akudziwana, komanso kunyumba kukundidikira ntchito. Sindinauze aliyense, ngakhale aphunzitsi aakazi amene amatiuza nthawi zonse kuti tiziwauza. Sindikudziwa kuti zinatha bwanji. Nditawerenga ndakatulo ija ndinazindikira kuti tsiku limenelo mapazi anga sanali pansi ayi. Ndinauluka chapansipansi mpaka kukafika kwathu. Lachinayi m'mawa ndinapita kukawauza aphunzitsi aja, mochedwa ndi teremu yathunthu.

Dziko lake, ngakhale ankalidzudzula, linamulemekeza. Analandira mphoto ya Bialik mu 1987, ndipo mu 1998 analandira Israel Prize, imene ndi mphoto yaikulu kwambiri ya boma kumeneko. Ndakatulo zake zimaphunzitsidwa m'sukulu, zina anaziika m'nyimbo. Tangoganizani, mwana wa sukulu ku Haifa amatuluka thukuta pamayeso ndi ndakatulo za mayi amene ali mwana ankasowa pogona pokhazikika mumzinda womwewo.

Anamwalira pa 21 Ogasiti 2005 m'nyumba mwake ku Tel Aviv, ali ndi zaka 68. Chifukwa anthu ankadziwa za matenda ake a nkhawa, mphekesera inafala msanga kuti wadzipha. Madokotala atayeza thupi anapeza kuti vuto linali mtima. Ngakhale pa imfa yake anthu anathamangira kumulankhulira asanafunse. Chaka chotsatira kunatuluka buku la ndakatulo zake zomaliza, Mayim Rabim, kutanthauza madzi ambiri, ndipo mu 2009 amayi awiri, Chana Bloch ndi Chana Kronfeld, anatulutsa ndakatulo zake m'Chingerezi m'buku limodzi. Mapepala athu aja anachokera m'menemo.

Mapepalawo ali ndi aphunzitsi a Chingerezi, ndipo Lachitatu likubwerali tiwerenganso ya mbuzi ija m'kalasi ya Fomu 4 tikaweruka. Anyamata amene munati ndi nkhani ya chidole basi mubwere, mkangano uja sunathe. Ndipo amene mumang'amba mapepala a pakhoma pano kukakulungira zitumbuwa, chonde ili lokha mulisiye lifike Lachisanu.