Wojambula makanema agule disiki yachiwiri asanagule kamera ina

Loweruka lililonse m'maholo a ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu mumapezeka achinyamata onyamula makamera, amene ntchito yawo imayamba m'mamawa mkwatibwi akuvala n'kudzatha madzulo perekaniperekani atatha. Omwewa ndiwo amajambula zinkhoswe, maliro, nyimbo za makwaya ndi misonkhano ya mabungwe. Ambiri sali pa kampani yaikulu. Amakhala awiri kapena atatu, wina wa kamera, wina woulutsa droni, wina wochezera usiku kulumikiza zithunzi pa laputopu. Mukawamva akukamba za zipangizo, nkhani imakhala ya makamera, malenzi ndi magetsi owalitsira. Za kumene makanemawo akagone akachoka mu memori khadi sazikamba nthawi yaitali, poti yankho ndi lodziwika kale, amakagona mu ekisitenolo imodzi ija imayenda m'chikwama pa minibasi. Vuto lalikulu la ntchitoyi lili pomwepa. Kamera ikafa umabwereka ya mnzako, koma sungaitanitsenso akwati, ankhoswe ndi abusa kuti adzalumbiritsane kachiwiri chifukwa choti disiki yakana kutseguka.

Makanema ndi katundu wolemera kuposa mmene eni ukwati amaganizira. Kamera yojambula 4K pa 100 Mbps imadya 45 GB pa ola limodzi. Makamera awiri akajambula maola 6 iliyonse, ukwati umodzi wafika pa 540 GB, ndipo disiki yolembedwa 4 TB, imene pa Windows imaoneka ngati 3.64 TB, imadzadza ndi maukwati 7 okha. N'chifukwa chake wojambula amathamangira kufomata memori khadi Lamlungu kuti akaigwiritse ntchito Lolemba, ndipo kuyambira nthawi imeneyo ntchito yonse imatsala malo amodzi. Malowo si odalirika. Kampani ya ku America yosunga mafayilo a anthu, Backblaze, yakhala ikufalitsa kuyambira 2013 chiwerengero cha madisiki ake amene amafa, ndipo kawirikawiri imafa imodzi kapena ziwiri pa 100 iliyonse pa chaka. Amenewotu ndi madisiki okhala phee m'zipinda zozizira, za magetsi osathimathima. Yathu imakwera kabaza, imagwa patebulo ili pakati pozungulira, magetsi n'kuthima ikukopera. Mkati mwake muli timbale tozungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi, ndi kamutu kowerenga kamene kamayandama pafupi kwambiri ndi mbalezo, moti kugwedezeka kamodzi kumakwanira kuti iyambe kulira kuti tiki tiki, osatsegukanso.

Wojambula amene wapezako ndalama amauzidwa kuti agule bokosi la RAID, ndipo nzeru yake ndi yomveka. Njirayi anaifotokoza akatswiri atatu a pa University of California ku Berkeley mu 1988, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, ndipo cholinga chake n'chakuti madisiki angapo otchipa azigwira ntchito ngati imodzi. Koma RAID ili m'mitundu, ndipo wogulitsa safotokoza zonse. RAID 0 imagawa fayilo pakati pa madisiki awiri kuti ntchito ifulumire, ndiye imodzi ikafa zonse zapita. RAID 1 imalemba zomwezo pa madisiki onse awiri nthawi imodzi, RAID 5 imafuna atatu kapena kuposerapo ndipo imapirira imodzi yokha ikafa. Mitundu iwiri yotsirizayi imateteza ku ngozi imodzi basi, ya kufa kwa disiki. Mukafufuta foda molakwitsa imafufutika mbali zonse nthawi yomweyo. Vayirasi ikalowa imalowa monse, wakuba amanyamula bokosi lonse, magetsi akabwera mwamphamvu amatha kupsereza zonse pamodzi. Zili ngati nkhokwe ziwiri zomangidwa mogundana, imodzi ikagwira moto inzake siipulumuka. Ngakhale akuluakulu a ku Pixar anaziona mu 1998, pamene lamulo limodzi lolakwika pa kompyuta linafufuta mbali yaikulu ya filimu ya Toy Story 2, ndipo zosungira zawo zapadera zinapezeka kuti sizinkagwira bwino ntchito. Chinawapulumutsa chinali kope limene Galyn Susman anali nalo kunyumba, poti ankagwirira ntchito konko atabereka mwana.

Phunziro lake ndi lotchipa kuposa bokosi lija. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo la 3-2-1: makope atatu, pa zosungira zamitundu iwiri, limodzi likhale kutali. Kwa wojambula wa ku Ndirande kapena ku Area 25, chiyambi chake ndi madisiki wamba awiri, kaya ndi a Seagate, Western Digital kapena Toshiba, ndipo ndi bwino asakhale a mtundu umodzi ogulidwa tsiku limodzi, chifukwa opangidwira pamodzi amatha kukhala ndi chilema chimodzi. Usiku womwewo wa ukwati makanema akoperedwe pa onse awiri kuchokera mu khadi, osati kuchokera pa disiki inzake, ndipo munthu atsegule mafayilo angapo, makamaka a malumbiro ndi a mphete, aone ngati akusewera mpaka kumapeto. Khadi isafomatidwe izi zisanachitike. Disiki yachiwiri isakhale yolumikizidwa ku laputopu, ndipo isagone chipinda chimodzi ndi yoyamba, ipite kwa mnzake wa ntchito kapena kwa makolo. SSD ndi yabwino polumikizira makanema poti ilibe zozungulira ndipo imathamanga, koma pa ndalama zomwezo mumapeza malo ochepa, choncho siyoyenera kuunjikirapo ntchito zakale. Chinanso, zosungira zachinyengo zachuluka, zolembedwa 2 TB pomwe mkati muli malo ochepa kwambiri, ndipo pulogalamu yaulere ya H2testw imaziulula musanaikepo ukwati wa munthu.

Wina anena kuti zonsezi ndi za anthu a ndalama, ndipo sakunama kwenikweni. Madisiki onse amachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo yake inakwera, pamene eni ukwati amanenerera mtengo ngati akugula tomato. Komabe ngati disiki imodzi isunga maukwati 7, ndiye kuti ukwati uliwonse ukungofunika kulipira gawo limodzi mwa magawo 7 a mtengo wa yachiwiriyo, ndalama imene ingalowe pa mtengo wa ntchito monga mmene amawerengera thiransipoti. Mbali inayo kuli kubweza ndalama zonse, kulipira akatswiri otsitsimutsa disiki amene salonjeza kanthu, ndi mbiri yoipa imene pa WhatsApp imafika mpingo wonse dzuwa lisanalowe. Ena amati ingoikani pa intaneti. Ndi bwino kutero ndi kanema womaliza, amene ndi wochepa, koma kukweza 540 GB pa liwiro la 10 Mbps kumatenga masiku 5 usana ndi usiku, osawerengera mtengo wa bandulo. Pali enanso amene amati mwini ukwati akalandira fulashi yake nkhani yatha. Fulashiyo imakhala ndi kanema wodulidwa kale, ndipo pakapita chaka yemweyo amabwera kudzapempha mawu onse amene agogo ake, omwe tsopano anatisiya, anayankhula.

RAID ili ndi malo ake. Nyumba ya wailesi yakanema, kapena situdiyo imene anthu anayi amalumikiza ntchito imodzi ndipo sangaime tsiku lathunthu chifukwa cha disiki yakufa, iyenera kukhala nayo, koma nayonso imafunabe kope lina kunja. Kwa gulu la anthu awiri kapena atatu, madisiki awiri ogona nyumba zosiyana ndiwo oyamba kugulidwa. Inunso amene mukufuna wojambula wa chinkhoswe kapena ukwati wanu, musangofunsa za kamera ndi droni. Mufunseni kuti makanema anu akasungidwa malo angati, komanso kwa miyezi ingati, ndipo yankholo lilembedwe pa pangano musanapereke dipoziti.