Masamba a m'dimba ali ndi msika kwa ophika a Chitchaina

Alimi anzanga, ndakhala ndikudya m'malesitilanti a Atchaina mumsewu wa Derrick ku Cyrildene, mumzinda wa Johannesburg, ndipo maso anga amakhala pa ndiwo zamasamba. Kumeneko sawiritsa masamba ngati kwathu kuno. Amangowakazinga pamoto waukali mphindi ziwiri kapena zitatu, kotero tsamba lokhwima kapena lofota silingabisike m'mbale.

N'chifukwa chake ophika amafuna pak choi, m'bale wake wa chainizi, wozulidwa m'mawa womwewo, asanapitirire masabata 6 chifesereni. Amagulanso anyezi wamasamba, adyo, jinja ndi mphodza zomeretsa. Mphodzazi sizilira munda: kuziviika usiku umodzi, kuzisunga pamdima, kuzitsira madzi kangapo patsiku, pakatha masiku 5 zakonzeka.

Chiyambire 2008 pamene dziko la Malawi lidalengeza ubale wake ndi China, malo odyera otere achuluka ku Lilongwe ndi Blantyre. Koma musathamangire kubzala dimba lonse tsiku limodzi. Wophika safuna ngolo yodzaza, amafuna dengu limodzi tsiku lililonse, ngakhale m'dzinja pamene masamba amavuta. Fesani pang'onopang'ono sabata iliyonse, ndipo mtengo mugwirizane mbewu isanalowe pansi.